Mwasowatu: Ulendo wa Mawu Akuti "Vanish"

Usiku wopanda mwezi ku Nkhudzi, nyanja imaoneka ngati tauni. Mabwato a kauni amalowa m'madzi dzuwa likangolowa, lililonse ndi nyali zake, ndipo ukaima pamchenga umaona mzere wa kuwala ukusendera pakati pang'onopang'ono. Poyamba nyalizo umatha kuziwerenga. Kenako zimayamba kuphatikana, ina imabisika kuseri kwa funde n'kutulukiranso, mpaka ija unaiika diso umangozindikira kuti palibe. Sikuti yathima ayi. Siginala, msodzi woyang'anira nyali, akadali nayo m'bwato mwake, akukopa usipa. Koma kwa iwe wotsala kumtunda, yazimiririka.

Usiku wina wotere mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 2, anatuluka m'nyumba atagwira kope lake la Chingerezi. "Amalume," anatero, "kodi vanish ndi disappear n'chimodzimodzi? Aphunzitsi akuti zonse ndi kusowa." Ndinamulozera nyali zija n'kumuuza kuti aphunzitsi sananame, koma kuti mawu awiriwa anabadwa kosiyana, ndipo limodzi mwa iwo lili ndi mbiri imene munthu wolankhula Chichewa angaimve msanga kuposa Mngerezi weniweni.

Mawu akuti vanish si mbadwa ya ku England. Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300, ndipo anabwera pamsana pa nkhondo. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, chigawo cha kumpoto kwa France, anawoloka nyanja ndi asilikali ake n'kugonjetsa Angerezi pa Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, mafumu, oweruza milandu ndi eni minda ikuluikulu ankalankhula Chifalansa, pamene wolima ndi woweta nkhumba anapitiriza ndi Chingerezi chawo. Lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi linadzabwera mu 1362. Ife a kuno sitifunika kutifotokozera zambiri za moyo wotere, wakuti chinenero cha kubwalo la milandu n'china, cha kudambwe n'china. Timadziwanso chimene chimachitika: mawu a akuluakulu amatsikira kwa anthu wamba, ndipo anthu wamba amawasema kuti akwane m'kamwa mwawo. Ndi mmene tinapezera sukulu, sitolo ndi buku kuchokera kwa Angerezi, komanso kalata ndi nsapato kuchokera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi.

Afalansa a nthawiyo ankati esvanir. Angerezi anadula mutu wa liwulo, es- uja n'kutayika. Kumchira anatengako kachidutswa kamene kamamveka m'Chifalansa mneniyu akamasinthidwa, kakuti -iss-, n'kukasandutsa -ish. Mchira womwewo uli pa finish, punish ndi polish, onse alendo ochokera ku France. Choncho mwana wasukulu akaona mneni wa Chingerezi wothera ndi -ish, kawirikawiri amakhala akuona chipsera cha 1066.

Koma nawo Afalansa anachita kulandira. Chifalansa ndi mwana wa Chilatini, chinenero cha Aroma, ndipo Aroma ankati evanescere. Liwuli lili ndi mfundo zitatu ngati nzimbe. Koyambirira kuli e-, kutanthauza kutuluka. Kumapeto kuli -escere, kusonyeza chinthu chimene chikuyamba kusintha, monga mmene kunja kumayambira kufiira m'mamawa. Pakati ndiye pali mtima wake, vanus, kutanthauza chopanda kanthu m'kati, chagweregwere, ngati dengu limene labwerera ku doko osalandira nsomba. Kwa Mroma, chinthu chikachita evanescere ndiye kuti chikunka chipepuka, chikutha m'kati, mpaka pamalo pake patsala mpata wokha. Utsi umatero. Nkhungu ya pa phiri la Nkhudzi imatero dzuwa likakwera. N'chifukwa chake mpaka lero vanish amamveka mwamphamvu kuposa mnzake uja: chinthucho chapita osasiya ndi phazi lomwe.

Vanus yemweyo anabala ana ena m'Chingerezi. Vain ndi vanity amanena za munthu wodzikuza, ndipo maganizo ake ndi akuti wodzikuza ali ngati ng'oma, phokoso lambiri m'kati mulibe kanthu. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400, anagwiritsa ntchito vanitas m'buku la Mlaliki pomasulira liwu la Chiheberi lotanthauza mpweya kapena nthunzi. Nako ku France liwu lija silinafe. Lero amati s'évanouir, ndipo limatanthauza kuzimiririka komanso kukomoka.

Tsono apa m'pamene pali nkhani imene ine imandigwira mtima. Aroma akale chilembo V ankachitchula ngati W wathu, kotero vanus ankamveka "wanus". Mukamva choncho, khutu limayamba kukumbukira mawu ena a Chingerezi amene sanadzere ku France. Pali wane, amene amanena za mwezi ukamachepa usiku ndi usiku mpaka mdima umene asodzi a kauni amaudikira. Limeneli ndi liwu la Chingerezi chakale chenicheni, wanian. Palinso want. Ameneyu anabwera ndi ma Viking, anthu a ku Denmark ndi Norway amene anayamba ndi kufunkha m'mphepete mwa nyanja mu 793, kenako n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. M'chinenero chawo vanta ankatanthauza kuperewera. Akatswiri a zinenero amati vanus, wane ndi want ndi ana a gogo mmodzi, muzu wa chinenero chimene palibe anachilembapo, chomwe ambiri amakhulupirira kuti chinkalankhulidwa kumpoto kwa Black Sea zaka zoposa 5,000 zapitazo. Ubale wotere anaulengeza poyera William Jones, woweruza milandu wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Calcutta. Mu 1786 iye ananena kuti Chisansikiriti cha ku India, Chigiriki ndi Chilatini zikufanana mopitirira ngozi, ndipo ziyenera kuti zinatumphuka pa kasupe mmodzi. Ndipotu m'Chisansikiriti muli una, kutanthauza choperewera.

Mwana aliyense wa Sitandade 3 amadziwa kuti want ndi kufuna. Koma kwa zaka pafupifupi 500 liwuli linkatanthauza kusakhala nacho chinthu. Tanthauzo la kulakalaka linadzakula cha m'ma 1700. Njira yake ndi yosavuta kuitsata: chimene chachoka chimasiya mpata, mpatawo umapweteka, ndipo kupwetekako ndiko kufuna. Angerezi ulendo umenewu anaugawa m'mawu atatu, ndipo lero munthu wa ku London sangaganize n'komwe kuti vanish ndi want ndi pachibale pokhapokha atatsegula dikishonale yaikulu.

Ife tinausunga wonse m'liwu limodzi. Tamverani mmene "kusowa" amagwirira ntchito tsiku limodzi lokha pa doko. M'mamawa mwini bwato akutukwana chifukwa nkhafi yasowa: inalipo dzulo, lero palibe. Mayi wogula usipa akudandaula kuti wasowa ndalama yokwanira ndowa: apa chosowacho si ndalama, wosowa ndi mayiyo, ndipo liwu silinasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Wina akuti mafuta a injini akusowa masiku ano, kutanthauza kuti alipo koma movutikira. Mwana wamasiye timamutcha wosowa. Amene wathedwa nzeru timati wasowa pogwira, kapena wasowa mtengo wogwira, ndipo wodwala usiku wonse wasowa mtendere. Kenako pamsewu wa ku Monkey Bay patsika munthu amene anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, ndipo azakhali ake akumuthamangira manja ali m'mwamba: "Mwasowatu, bambo!" Iye akuyankha kuti, "Ndilipo, azakhali, ndinakusowani kwambiri." M'moni umodziwo muli zonse zitatu, kuchoka, kuperewera ndi kulakalaka. Sindidziwa moni wina wokoma kuposa umenewu. Sufunsa kumene unali kapena chimene wabwera nacho. Ungokuuza kuti pamene unachoka panaoneka.

Anansi athu nawo amayenda njira yomweyi. Ayao, amene ndi ambiri m'midzi ya m'boma la Mangochi, amati kusoŵa, Atumbuka chimodzimodzi. Ashona a ku Zimbabwe amati kushaya ponena za kusapeza chinthu, ndipo munthu akamwalira amati akashaya. Azulu ndi Axhosa ali ndi ukuswela, kuperewedwa, ndipo maliro amawalengeza ndi ukusweleka. Afalansa nawonso womwalira amamutchula mwaulemu kuti disparu, wosowa.

Pano ndichenjeze, chifukwa nkhani ya magwero a mawu ili ndi msampha umene umakola ngakhale anthu ophunzira. Chichewa ndi Chingerezi si pachibale. Kufanana kumene ndikukamba ndi kwa kaganizidwe, osati kwa magazi. Mawu awiri kumveka mofanana si umboni wa kanthu, monganso anthu awiri a mphuno zofanana sakhala a mbumba imodzi. Umboni umakhalapo pamene kusintha kwa mamvekero kukubwerezabwereza m'mawu ambirimbiri motsata dongosolo. Ndi ntchito yotere imene Carl Meinhof wa ku Germany anayamba pa zinenero zathu m'buku lake la 1899, ndipo Malcolm Guthrie anaikuza m'mabuku anayi amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971. Iwo anaonetsa kuti zinenero mazana angapo, kuchokera ku Cameroon mpaka ku South Africa, ndi nthambi za mtengo umodzi. Akatswiri a lero amati mtengowo unamera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon.

Dongosolo lotere likuoneka m'kusowa momwemo. Achikulire ambiri satchula W wa m'liwuli ngati W wa "wawa". Milomo imangoyandikana osakhudzana, ndipo m'mabuku ena amalemba ŵ, monga mu dzina la Malaŵi. Mvekero umenewu ndi mdzukulu wa B wakale. Kumene Azulu amati abantu, Atumbuka amati ŵanthu, ife timati anthu: B anafewa, kenako anatheratu. Lero kadenga ka pamwamba pa ŵ ambiri sitikalembanso, ndipo ana a m'tauni sakumva kusiyana kwake. Zimene zinachitikira es- wa Afalansa m'kamwa mwa Angerezi zikuchitikira ifenso, tili maso.

Nanga kuzimiririka, kumene ndinayamba nako pa nyali zija? Ameneyu muzu wake ndi wa moto. Timati moto wazima, ndipo kuzimirira ndi kuzima kotalikitsidwa, kopita pang'onopang'ono mpaka diso litalephera. Muzuwu ndi wakale kwambiri, chifukwa umapezeka kutali ndi kutali. Aswahili amati kuzima, ndipo munthu akakomoka amati amezimia, ndendende mmene Afalansa anachitira ndi s'évanouir wawo. Ashona amati kudzima. Ku Rwanda kuzima ndi kuthima, kuzimira ndi kusochera. Ku Botswana go tima ndi kuthimitsa, go timela ndi kusochera. Ndiye taonani dzina la amene anatisiya: ife timati mzimu, Ashona mudzimu, Anyarwanda umuzimu, Atswana badimo. Pali akatswiri amene amaona kuti mzimu ndi kuzima zinachokera pa tsinde limodzi, ndipo ine ndimakopeka nawo maganizo amenewo, chifukwa akugwirizana ndi mmene makolo ankaonera imfa. Nyali imene yazimiririka pakati pa nyanja ikuyakabe. Kungoti ili kumene maso a otsala pagombe safika.

Disappear mbiri yake ndi yaifupi. Analowa m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, pafupifupi zaka 100 pambuyo pa vanish. Ndi dis-, wotsutsa, wophatikizidwa ku appear, amene anachokera ku Chilatini apparere, kuonekera. Ndi liwu la maso basi: chinali kuoneka, tsopano sichikuoneka. Silinena ngati chatha kapena changobisala.

Komabe ndi liwu lofatsali limene linadzasenza katundu woopsa. Mwa malamulo akale a Chingerezi, munthu amachita disappear yekha, palibe angamuchititse. Koma ku Argentina, pakati pa 1976 ndi 1983, boma la asilikali linkagwira anthu usiku, osawatengera kukhoti, osapereka mtembo, n'kumakana kuti silikudziwa kanthu. Anthu otere ankatchedwa desaparecidos m'Chisipanishi. Kuyambira mu Epulo 1977 amayi awo anayamba kusonkhana pa bwalo la Plaza de Mayo mu mzinda wa Buenos Aires, pambuyo pake n'kumavala mipango yoyera kumutu, kufunsa kumene ana awo ali. Atolankhani a Chingerezi anakakamizika kupinda galamala yawo n'kumalemba kuti munthu "was disappeared", chiganizo chimene mphunzitsi akadachilemba mzere wofiira. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano loletsa mchitidwewu.

Chichewa sichinafunike kupindidwa. Tili ndi msintho wochititsa, umene ana amaphunzira kusukulu: kudya, kudyetsa, kugona, kugonetsa, kusowa, kusowetsa. Liwu linalipo kale, ndipo mwatsoka ntchito yake inapezekanso. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anasowa ku Zomba. Boma linati afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Kafukufuku amene anachitika dziko litasintha mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Mu Seputembala 1987 a Jack Mapanje, mlakatuli komanso katswiri wa zinenero, mwana wa m'boma lino la Mangochi wochokera kwa Kadango, anatengedwa ku Zomba n'kutsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mpaka Meyi 1991. Iwo anabwerera chifukwa anzawo kunja ndi kuno anakana kukhala chete. Amene anakula m'masiku amenewo amakumbukira mmene liwu lakuti "asowa" linkanenedwera, motsitsa, maso ali kukhomo. Moni wathu wokoma uja ndi mantha amenewa zinkagona m'liwu limodzi.

Masiku ano ku Nkhudzi kusowa kumene kumakambidwa kwambiri ndi kwa nsomba. Ntchila, imene kale inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja muno, inachepa zedi zaka makumi angapo zapitazo, moti achinyamata ambiri sanaionepo. Ku nyanja ya Malombe, kumunsi kwa tauni ya Mangochi, chambo chinkagwidwa matani masauzande angapo pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma pofika kumayambiriro kwa m'ma 1990 chinatsika kufika pa mazana ochepa. N'chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko oti asodzi eni ake aziteteza nawo nsomba. Zifukwa zake sizobisika. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga m'madzi osaya, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Khoka likakokedwa pansi limafafaniza zisazo ndi kuzula udzu wobisalamo ana, ndipo ukonde wa maso aang'ono, makamaka neti ya udzudzu, umakokolola kasawala, ana a chambo, asanakule n'kuswana. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika mitundu itatu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Umodzi mwa mitunduyo ndi umene Ethelwynn Trewavas anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1941 ndi dzina lakuti lidole, dzina limene analitenga kwa asodzi a kuno. Papita zaka zambiri ofufuza osaupeza.

Liwu limene asayansi amaopa kulilemba pambali pa dzina la nsomba ndi extinct. Nalonso ndi la Chilatini, kuchokera ku exstinguere, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kuthimitsa moto.

Kutacha ndinapita ndi mtsikana uja ku doko, mabwato akubwerera. Nyali zonse zinalipo, zitazimitsidwa, zitaunjikidwa kutsogolo kwa mabwato, ndipo usipa unali utayamba kale kuyanikidwa pa thandala. Pansi pa mtengo panali gogo wina akusoka ukonde, chingwe atachipana ndi chala chachikulu cha kuphazi. Mtsikanayo anagwada pambali pake n'kufunsa, "Agogo, kodi lidole munaliona?"

Gogoyo sanasiye kusoka. Anati ankaligwira ali mnyamata, kutali ndi gombe, chambo cha mutu waukulu, chachimuna chakuda bii ndi mzere woyera m'mphepete mwa zipsepse. Anatambasula dzanja kuonetsa kutalika kwake, kuchokera kunsonga ya zala mpaka pafupi ndi chigongono.

"Ndiye linatha?"

"Iyayi, mdzukulu wanga," anatero gogoyo, akumanga mfundo ndi kuiluma ndi mano. "Linasowa."